Chinsinsi cha ndudu chagona pa chokutira

Mukafika pamsika wa Ligowe kapena pa Kambale m'boma la Neno, maso amathamangira komwe kuli manachesi, mbatatesi ndi nyemba. Koma mukasuzumira chakumapeto kwa msika simulephera kupeza madala awiri atatu atayala fodya wa chingambwe pachiguduli, wina wopota ngati chingwe, wina wodula kale m'timilu.

Wogula akapatsidwa kafodya kolawa sathamangira kupempha moto. Amayamba wapisa m'thumba kufuna chokulungira. Wina amatulutsa chidutswa cha nyuzipepala, wina pepala lothothola m'kope la mwana wasukulu. Koma mkulu wodziwa fodya amasolola khoko la chimanga, lam'kati lofewa lija, n'kulidula ndi mpeni, kulipalapala, kulinyowetsa ndi malovu, kenako n'kukulunga mosapupuluma.

Fodya ndi yemweyo, koma osuta amanenetsa kuti utsi wake umasiyana. Ati nyuzipepala imayaka msanga, imakanda pakhosi komanso imanunkha inki, pomwe khoko limayaka modekha, limazima lokha ukalisiya ndipo limasiya kafungo konga ka chimanga chootcha.

Zomwe madalawa adazidziwa kalekale ndi zomwenso zikuyendetsa malonda a ndalama zankhaninkhani kumaiko akunja. Kumeneko kuli ndudu zikuluzikulu zotchedwa cigar, zomwe ena timangoziona m'mafilimu zili pakamwa pa mabwana. Ndudu imeneyi ilibe pepala ngakhale pang'ono. Ndi fodya wokhawokha, ndipo tsamba limodzi lakunja ndilo limatsogolera pa kakomedwe ndi mtengo wake.

Kukulunga n'kwakale

Luso lokulunga fodya m'tsamba lidayamba pepala la ndudu lisadabwere. Mu 1492, anthu awiri a paulendo wa Christopher Columbus, a Rodrigo de Jerez ndi a Luis de Torres, atalowa m'midzi ya pachilumba cha Cuba adapeza eni nthaka akusuta masamba ouma omwe adawakulunga m'tsamba lina louma. Umo ndi momwe anthu a ku Ulaya adadziwira fodya.

Mpaka lero khoko la chimanga likugwirabe ntchito m'dziko la Brazil, makamaka m'chigawo cha Minas Gerais, komwe ndudu zokulunga m'makoko zimagulitsidwa m'mapaketi. Ku India nako kuli tindudu totchedwa bidi, tomwe amatikulunga m'masamba a mtengo wa tendu. Choncho mkulu wa pa Kambale uja ali ndi anzake ambiri padziko lapansi.

Cigar yopangidwa pamanja ili ndi magawo atatu. Pakati pamakhala masamba angapo opindidwa, omwe anthu olankhula Chisipanishi amawatcha tripa, kutanthauza matumbo. Masambawa amamangidwa ndi tsamba lolimba lomwe ntchito yake ndi yonga ya lamba. Pamwamba pa zonse pamabwera tsamba lokutira, lomwe amalitcha capa. Awa ndiwo malaya a ndudu.

Wokulunga amachotsa msempha wapakati wa tsamba lokutiralo n'kukhala ndi mbali ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere. Mbali iliyonse imavekedwa ndudu imodzi. Amaidula ndi kampeni kokhota, kuikoka pang'ono kuti itambasuke, n'kuizungulitsa kuchokera koyatsira mpaka kokokera, kenako n'kumata ndi kaulimbo kochokera ku mitengo komwe kalibe fungo. Tsamba likakhala ndi bowo, banga kapena misempha yokhuthala, ntchito imeneyi silingaigwire.

Tsamba limodzi lingasinthe bwanji utsi?

Poyerekeza kulemera, tsamba lokutira ndi kachigawo kochepa chabe ka ndudu yonse. Nanga mphamvu zake zimachokera kuti?

Choyamba, ndilo lokhalo limene limakhudza milomo ndi lilime. Wosuta asadayatse n'komwe amakhala atalawa kale mafuta ndi kutsekemera kapena kuwawa kwa tsambalo. Ndi chimodzimodzi ndi wa chingambwe uja, amene amamva inki pamlomo moto usadafike pafodya.

Chachiwiri, tsamba lakunja ndilo limakumana ndi mpweya wambiri, kotero limalamula mayakidwe. Lopyapyala limayaka mofanana mbali zonse. Lokhuthala ndi lamafuta limayaka pang'onopang'ono, ndipo utsi wake umamveka wolemera. Likayaka mopendekera, masamba am'kati sapsa mogwirizana ndipo kakomedwe konse kamasokonekera.

Chachitatu ndi kukula kwa ndudu. Pa ndudu yowonda, tsamba lokutira limatenga gawo lalikulu la zomwe zikuyaka, choncho limamveka kwambiri. Pa ndudu yonenepa, matumbo aja ndiwo amachuluka ndipo amalimeza. N'chifukwa chake akatswiri opanga ndudu amakangana mpaka lero pa kuchuluka kwa kakomedwe komwe kamachokera ku tsambali. Chomwe amagwirizana n'chakuti mukatenga ndudu ziwiri zofanana m'kati n'kuziveka masamba osiyana, wosuta amamva ngati ndi ndudu ziwiri zosiyana.

Dzuwa, mthunzi ndi mitambo

Mlimi aliyense wa fodya amadziwa kuti masamba apansi amakhala opepuka, pomwe akumtunda, omwe amawombedwa ndi dzuwa nthawi yaitali, amakhala okhuthala ndi aukali. Alimi a tsamba lokutira adangotenga nzeru yomweyi n'kuyamba kusewera ndi dzuwa.

M'chigwa cha mtsinje wa Connecticut ku America, alimi adayamba mu 1900 kudzala fodya pansi pa matenti a nsalu yopyapyala. Ankafuna kupikisana ndi tsamba la ku Deli pachilumba cha Sumatra, lomwe lidatchuka kuchokera pomwe a Jacob Nienhuys a ku Netherlands adayamba kulima fodya kumeneko mu 1863. Mthunzi umachititsa tsamba kukula motambalala, kupyapyala, kukhala ndi misempha ing'onoing'ono komanso kutanuka ngati nsalu. Likauma limaoneka lagolide ndipo utsi wake ndi wofatsa. Osuta amaufanizira ndi mkaka kapena mtedza wokazinga.

M'chigwa chomwecho amalimanso mtundu wina wotchedwa Broadleaf. Umenewu umakulira padzuwa ndipo amaudula ndi tsinde lomwe. Tsamba lake ndi lokhakhala, lamisempha, losaoneka bwino, koma likapsa limada n'kumatsekemera.

Dziko la Ecuador lidapeza mwayi wa ulere. Madera omwe amalimako fodya amakutidwa ndi mitambo nthawi zambiri, moti mitamboyo imagwira ntchito ya tenti. Lero masamba ambiri okutira amachokera kumeneko, ngakhale mbewu yake idachokera ku Connecticut, Sumatra ndi Cuba.

Ku Cuba, chigawo cha Vuelta Abajo ku Pinar del Río ndicho chimake cha fodya wa cigar. Mbewu yotchuka ya Corojo, ya tsamba lofiirira ndi lonunkhira ngati tsabola, idachokera pamunda wa El Corojo. Koma mbewuyi idali yosapirira ku matenda. Chiwawu chotchedwa blue mould chidasakaza fodya wa m'dzikolo mu 1979 ndi 1980, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 akatswiri adabweretsa mbewu zina zopirira monga Habana 2000, Criollo 98 ndi Corojo 99.

Africa nayo ili ndi tsamba lake lolemekezeka. Kum'mawa kwa Cameroon ndi ku Central African Republic, alimi ang'onoang'ono amalima fodya wochokera ku mbewu ya Sumatra m'timinda tam'nkhalango. Tsamba lake ndi lopyapyala, losachedwa kung'ambika, lokhala ndi timatuza ta mafuta pamwamba, ndipo utsi wake ndi wotsekemera mosakaniza ndi kaukali. Kampani ya boma la France ya SEITA, yomwe inkayendetsa ulimiwu, itachoka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, banja la Meerapfel ndilo lidautsitsimutsa. Ndudu zodula za kampani ya Arturo Fuente monga Hemingway ndi Don Carlos zidatchuka zitavala tsamba limeneli.

Mtundu umapangidwa m'chigafa

Kumunda ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo limachitika tsamba litathyoledwa.

Masamba okutira amawathyola limodzilimodzi, kuwasoka awiriawiri n'kuwapachika pamikangala, monga momwe alimi a bale amachitira kuno. Amakhala m'chigafa kwa mwezi ndi theka kapena kuposerapo, kusintha kuchoka pobiriwira, kufika pachikasu mpaka pofiirira.

Akauma amawanyowetsa pang'ono n'kuwaunjika m'milu ikuluikulu. Chifukwa cha chinyezi ndi kulemera kwake, mulu umatentha wokha m'kati. Kutenthako kumatulutsa mpweya wonunkha wa amoniya, kumachepetsa kuwawa ndipo kumadetsa tsamba. Antchito amayeza kutentha tsiku ndi tsiku, ndipo kukafika pomwe akufuna amaphwasula muluwo n'kuumanganso, masamba akunja kulowa m'kati, am'kati kutuluka kunja. Akachedwa, mulu wonse umawola. Zikatha apa, masamba amasungidwa m'mabelo kwa chaka, zaka ziwiri kapena kuposa.

Apa ndi pomwe pamachokera maina omwe amalembedwa pamabokosi. Tsamba la candela ndi lobiriwira chifukwa amaliumitsa mwachangu ndi moto m'masiku ochepa, ndipo limamveka ngati udzu womweta kumene. La claro ndi lotuwa ndi lofatsa. La colorado ndi lofiirira. La maduro, kutanthauza lakupsa, limakhalitsa pamulu wotentha mpaka kuda, ndipo osuta amati limakhala ngati khofi kapena chokoleti. La oscuro ndiye lakuda bii.

Ambiri amaganiza kuti ndudu yakuda ndiyo yaukali kwambiri. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Ukali weniweni, woledzeretsa uja, umachokera ku masamba akumtunda omwe aikidwa m'matumbo. Kuda kwa tsamba lakunja kumangosonyeza mtundu wa mbewu ndi momwe lidapsera.

Chikopa chathu chili ndi abale ku Italy

Malawi ndi dziko la fodya kuyambira kale. A John Buchanan adayamba kuyesera fodya wa Virginia m'mapiri a Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1893 fodya woyamba adatumizidwa kunja. Mu 1908 kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale ku Limbe. M'zaka za m'ma 1920, a A.F. Barron ndi a R.W.J. Wallace adafalitsa ulimi wa fodya wa chikopa pakati pa alimi akuda ku Lilongwe, mpaka boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926. Okushoni ya ku Limbe idatsegulidwa mu 1938.

Fodya wa chikopa amaumitsidwa ndi utsi wa nkhuni zonyeka pang'onopang'ono, ndipo tsamba lake limatuluka lakuda, lonyezimira, lotanuka ndi lonunkha utsi. Ndi fodya amene wakhala akugwiritsidwa ntchito mu kaliwo, wofwenkha komanso wotafuna.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti fodya wamtundu womwewu ndiye amapangira ndudu yotchuka ya ku Italy yotchedwa Toscano. Nkhani imanenedwa kuti mu 1815, mumzinda wa Florence, mvula idanyowetsa mulu wa fodya wa Kentucky womwe udali panja. Fodyayo adatentha n'kuyamba kununkha, koma m'malo momutaya adamukulunga n'kumugulitsa motchipa. Anthu adamukonda. Mpaka lero Toscano ilibe lamba wapakati uja. Ndi matumbo ndi tsamba lokutira basi, ndipo fungo la nkhuni lomwe tsambalo lidamwa m'balani ndilo dzina la nduduyo.

Koma fodya wambiri amene dziko lino limagulitsa ndi wa bale. Akachoka ku okushoni ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma kapena Mzuzu, amakamuchotsa misempha, kumududa n'kumusakaniza ndi fodya wa maiko ena popanga ndudu za pepala. Tsamba la mlimi wa kuno limathera m'matumbo, komwe palibe amene amaliona kapena kufunsa komwe lidachokera. Pomwe tsamba lokutira labwino limagulidwa pamtengo wowirikiza kangapo, ndipo dzina la dera lomwe lidalimidwa limalembedwa pabokosi.

Anzathu oyandikana nawo adaona mpata umenewu. Ku Maputo m'dziko la Mozambique, a Kamal Moukheiber adayambitsa kampani ya Bongani mu 2016, ndipo adabweretsa katswiri wa ku Dominican Republic kudzaphunzitsa anthu akumeneko kukulunga. Ku Harare, a Shep Mafundikwa adatsegula kampani ya Mosi-oa-Tunya mu 2020 n'kulemba ntchito amayi okulunga ndudu pamanja. Koma onse awiri adayamba ndi tsamba lokutira loitanitsa kunja. Izi zikusonyeza kuti kulima fodya wambiri n'kosiyana ndi kutulutsa tsamba limodzi lopanda chilema.

Nanga Neno?

Boma la Neno, lomwe lidapatuka ku Mwanza mu 2003, silitchuka ndi fodya ngati Kasungu, Dowa kapena Mchinji. Kumtunda kwa a Dambe, m'mapiri a Kirk Range, kumazizira ndipo nkhungu imakuta mapiri m'mawa. Kumeneko ndi kwa tirigu, mbatatesi ndi zipatso. Kumunsi, cha ku Lisungwi, Zalewa ndi Matope, kumatentha ndipo ndi kwa thonje ndi ziweto.

Munthu akamva za mitambo ya ku Ecuador akhoza kuyang'ana nkhungu ya ku Nsambe n'kuyamba kuwerengera ndalama. Koma tsamba lokutira silifuna nkhungu yokha. Limafuna mbewu yoyenera, nthaka yoyezedwa, madzi okwanira, zigafa zosadontha, anthu odziwa kusankha masamba komanso ndalama zodikirira chaka kapena ziwiri fodya asadagulitsidwe. Matalala a mphindi zochepa, mphepo yamkuntho kapena mbozi imodzi zimatsitsa tsamba kuchoka pa malaya kupita ku matumbo. Limafunanso msewu wabwino, nkhani yomwe anthu a ku Neno akhala akuidandaula kwa zaka zambiri.

Pamwamba pa izi, malamulo salola munthu kungodzuka n'kuyamba kulima fodya wogulitsa. Amayenera kulembetsa ku bungwe la Tobacco Commission, ndipo kafukufuku wa mbewu ndi ntchito ya bungwe la ARET. Fodya wa chikopa naye ali ndi vuto lake: amadya nkhuni, pomwe mitengo ya ku Neno yatha kale ndi makala omwe timawaona m'matumba m'mbali mwa msewu pa Zalewa. Paja akuluakulu adati fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Phunziro lomwe mlimi wa ku Neno angatengepo lero ndi lakuti msika umalipira chisamaliro. Wa bale amene amathyola tsamba litakhwima, kufolera chigafa, kusankha molongosoka ndi kupewa tizingwe ta pulasitiki m'belo, amakhala ndi poyambira pokambirana mtengo. N'chimodzimodzi ndi nachesi lothyoledwa ndi dzanja poyerekeza ndi logwetsedwa ndi ndodo, kapena mbatatesi yosatemedwa ndi khasu. Wogula amayamba waona khungu.

Chikomekome cha mkuyu

Komatu khungu limanamiza. Tsamba lokutira likhoza kusintha fungo, kakomedwe ndi mtengo, koma silichotsa poizoni amene ali mu utsi.

Akatswiri a zaumoyo adapeza kuti cigar imodzi yaikulu imatha kukhala ndi fodya wochuluka ngati paketi yathunthu ya ndudu wamba. Kupsa kwa pamulu kuja, komwe kumatsekemeretsa tsamba, kumachulukitsanso mankhwala oyambitsa khansa otchedwa nitrosamines. Ndipo poti tsamba sililowetsa mpweya ngati pepala, fodya sapsa mokwanira, kotero utsi wake umakhala ndi zoipa zambiri.

Ena amadzitonthoza kuti utsi wa cigar saumeza, amangouzungulitsa m'kamwa. Koma chikonga chimalowa m'thupi kudzera m'kamwa momwemo, ndipo osuta otere amadwalabe khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kummero. Tisaiwale kuti Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse.

Chingambwe cha m'khoko la chimanga nacho sichipulumutsa. Chilibe sefa, ndipo mawu akuti n'chachilengedwe sachepetsa phula lomwe limamatirira m'mapapo. Wokulunga m'nyuzipepala ndiye amawonjezerapo utsi wa inki. Ana ndi amayi omwe amagona m'nyumba imodzi ndi wosuta amapuma nawo utsiwo osafuna.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Mu 2023 dziko la Malawi lidalowa m'pangano la bungweli lochepetsa kusuta fodya, patatha zaka zambiri likuzengereza poopa kutaya ndalama zakunja.

Ku Neno, bungwe la Partners In Health, lomwe anthu amalidziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lidayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo mu 2007, ndipo mu 2015 adakhazikitsa makiliniki owonera pamodzi matenda amgonagona monga kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mphumu. Munthu amene watsokomola kwa milungu iwiri, amene akuvutika kumeza kapena ali ndi chilonda cha m'kamwa chosapola, asadikire. Apite kuchipatala cha boma pa Neno, cha Lisungwi kapena chaching'ono chomwe ali nacho pafupi, ndipo akawauze achipatala mosabisa kuti amasuta.

Dzuwa likapendeka pamsika wa Ligowe, madala aja amapinda ziguduli zawo, ena atatsomeka kandudu kozima kukhutu kuti akayatsenso panjira. Nzeru zawo pa chokulungira n'zoona, ndipo akatswiri a ku Cuba ndi ku Connecticut angagwirizane nawo. Koma mdzukulu amene akuwanyamulira chiguduli pambuyo ayenera kuuzidwanso mbali inayo, kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.